Maluwa a Ukwati ku Zomba: Mafunso ndi Mayankho

Sabata siitha foni yanga isanalandire chithunzi. Mtsikana amene ukwati wake wayandikira amachipeza pa Facebook kapena pa Pinterest, n'kunditumizira, pansi pake atalemba kuti, "Anti, ndikufuna ngati awa." Ntchito yanga ndi yokongoletsa maukwati kuno ku Zomba, ndipo mafunso amene ndimalandira ndi omwewomwewo, kaya wofunsayo ndi wa ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Thondwe. Ndawaika pamodzi pano kuti pobwera kudzakambirana muzikhala mukudziwa poyambira. Chimodzi chokha mugwiritsitse musanawerenge zonsezi: duwa likadulidwa layamba kale kufa. Ife ntchito yathu ndi kulichedwetsa kuti lifike pa perekaniperekani likadali chiimire, ndipo zimenezi zimadalira mwezi, dzuwa ndi madzi a kuno kwathu, osati chithunzi chojambulidwa ku London.

Tiyambe liti kukambirana za maluwa?

Tsiku likangodziwika, ndipo mwapeza tchalitchi ndi malo a madyerero. Kukatsala miyezi itatu ndiye nthawi yabwino. Ndikudziwa kuti pa bajeti ya komiti maluwa amalembedwa kumunsi, pambuyo pa mpunga, nkhuku, zakumwa ndi zoimbira, ndipo sindikutsutsa ayi, alendo sadya maluwa. Koma kuwalemba kumunsi kwa pepala sikutanthauza kuwakumbukira Lachitatu la sabata ya ukwati. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, makamaka Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu a deko timakhala titagwidwa kale, nsalu ndi zoimikira maluwa zitabwerekedwa. Wobwera mochedwa amatenga zotsala pa mtengo wa zabwino.

Pobwera mutenge kansalu kenikeni ka madiresi a operekeza akwati, chifukwa foni imanamiza mtundu. Mundiuzenso nthawi imene mwambo wa kutchalitchi udzayambe, komanso ngati madyerero adzakhale m'holo kapena panja pa tenti.

Ukwati wathu uli mwezi wakutiwakuti. Ndi maluwa ati angapirire?

Ili ndiye funso loyenera kuyambira, ngakhale ambiri amalifunsa pomaliza.

Kuyambira Meyi mpaka Julayi ndi nyengo imene ine ndimagona tulo tabwino. Chiperoni chikatsetsereka m'phiri, mpweya umazizira ndipo umakhala ndi chinyezi, moti marozi amene ndawaika m'mawa amafika madzulo osaweramitsa mutu. Ngati mumalakalaka maluwa osalimba, ofewa ngati hydrangea, kwatirani miyezi imeneyi. Vuto lake ndi lakuti m'minda ya anthu maluwa amachepa, ndiye ambiri timachita kugula.

Ogasiti ndi wamphepo ndi fumbi. Maluwa oyera oikidwa panja m'mawa amafika masana atasanduka otuwa, ndipo botolo lalitali lopanda cholemetsa pansi limagwa ndi mphepo yoyamba. Ine ndimathira mchenga wonyowa kapena timiyala m'mabotolomo, ndipo zoimikira ndimazimangirira ku mitengo ya tenti.

Kenako Seputembala, Okutobala ndi Novembala, pamene maukwati amachulukanso. Tawuni imakongola yokha, majakaranda ali pepo m'misewu, mvula ikamayandikira mitengo ya flamboyant n'kufiira, koma duwa lodulidwa limavutika kwambiri nthawi imeneyi. Pansi pa tenti masana a Okutobala pamatentha ngati mu uvuni. Chaka china ndinagonja kwa mkwatibwi amene anaumirira ma hydrangea pa matebulo onse. Ndinkadziwa kuti si nyengo yake, koma ndinachita manyazi kumukaniza. Tinawaika 6 koloko m'mawa, okongola ndithu. Kutchalitchi kunachedwa, kujambulitsa kunachedwa, ndipo pamene akwati ankalowa cha m'ma 2 koloko masana, maluwa aja anali atalefuka ngati chisoso chofutsa. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa wodziwa ndinali ine. Kuchokera tsiku limenelo, miyezi yotentha ndimalangiza maluwa olimba: chrysanthemum, carnation, anthurium, heliconia, strelitzia, ndi masamba ambiri obiriwira. Chrysanthemum ndi carnation akasamalidwa bwino amatha sabata yathunthu, ena mpaka ziwiri. Marozi amatheka, koma akhale m'madzi ndi mumthunzi mpaka alendo atatsala pang'ono kulowa.

Disembala mpaka Malichi minda imadzaza. Agapanthus wa buluu ndi woyera, ma dahlia, ma gladiolus, zonse zimapezeka, masamba ndiye osanena. Mdani wake ndi mvula. Rozi lonyowa likafunditsidwa m'pepala la pulasitiki limachita mawanga n'kuyamba kuola, ndipo chipata cha maluwa choimikidwa pabwalo chimatha kuwonongeka m'mphindi khumi. Walira mvula walira matope: mukasankha nyengo imeneyi chifukwa cha kubiriwira kwake, mukhalenso ndi malo a denga okathawirako.

Epulo ndimamukonda mwapadera. Mvula yaleka, kutentha kwachepa, ma cosmos adakalipo, deliya wayamba kuchita chikasu m'mbali mwa misewu. Kwa akwati a thumba lochepa, mwezi umenewu ndi wachifundo.

Tigwiritse maluwa enieni kapena a pulasitiki?

Onse awiri, aliyense pamalo pake. Pali atsikana ena amene amachita manyazi kutchula maluwa a pulasitiki, ngati kuti ndi chizindikiro cha umphawi. Si choncho. Khoma la maluwa la kumbuyo kwa akwati, chipata cholowera, zokoleka kudenga, zonsezi anthu amaziona patali, ndipo maluwa ansalu abwino, otsukidwa, amagwira ntchito popanda wodandaula. Kuti khoma lomwelo mulidzaze ndi marozi enieni, ndalama zake mukhoza kulipira lendi ya nyumba yanu yatsopano miyezi ingapo.

Koma pali malo atatu pamene ndimachonderera kuti pakhale enieni: m'manja mwa mkwatibwi, pachifuwa pa mkwati, ndi patebulo la akwati. Amenewa ndi amene wojambula amawayandikira, ndi amene anthu amawagwira ndi kuwanunkhiza. Njira ina imene ndimaigwiritsa ntchito kwambiri ndi kusakaniza: masamba enieni a bulugamu, kanjedza kapena fern, n'kulowetsamo maluwa ansalu apa ndi apo. Masamba enieniwo amabisa kuuma kwa pulasitiki, ndipo bulugamu amabweretsa kafungo kabwino m'holo.

Ngati mukubwereka a pulasitiki, pitani mukawaone ndi maso anu. Ena azungulira maukwati ambiri, asuluka ndi dzuwa, fumbi lalowa mpaka m'kati.

N'chifukwa chiyani simulemba mitengo, ndipo n'chifukwa chiyani marozi amadula chonchi?

Marozi aataliatali amitu ikuluikulu amene mumawaona pazithunzi nthawi zambiri amakhala ochokera kunja. Kenya ndi limodzi mwa mayiko amene amagulitsa marozi ambiri padziko lonse, makamaka ochokera m'minda yozungulira nyanja ya Naivasha, ndipo maluwa ena amabwera kuchokera ku South Africa. Amakwera ndege, amafuna zikalata za boma zotsimikizira kuti alibe matenda, amafuna kuzizira ulendo wonse, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya maluwa otere, maliboni ndi oasis (chinkhupule chosunga madzi chimene timabayamo mapesi a maluwa) inakwera nthawi yomweyo. Mtengo umene ndingalembe lero ukhoza kukunamizani pofika tsiku lanu, n'chifukwa chake timakambirana ukwati uliwonse pawokha.

Febuluwale musamuiwale. Sabata ya pa 14 marozi ofiira amalimbiranidwa dziko lonse lapansi, ndiye amene ukwati wake uli pafupi ndi tsikuli asankhe mtundu wina kapena duwa lina.

Pamitundu pomwepa ndionjezere: rozi la buluu lachilengedwe kulibe. Onse amene munawaona ndi oyera opakidwa kapena omwetsedwa utoto, ndipo utotowo ukanyowa umatha kudetsa diresi. Ngati mtundu wa ukwati wanu ndi buluu, uonekere mu nsalu ndi maliboni, maluwa akhale oyera, kapena tipeze agapanthus ngati ili nyengo yake.

Phiri lili pompa, lodzaza ndi maluwa. Bwanji osangokathyola?

Funso limeneli limachokera kwa achimwene a m'komiti kawirikawiri, ndipo ndimalimvetsa. Phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000 pansonga pake, kumtundako n'kozizira, ndipo kumamera zinthu zimene kumunsi kuno sizimera: ma orchid a kutchire, ma protea, ma fern a m'mbali mwa Mulunguzi. Koma phirili ndi nkhalango yotetezedwa, ili m'manja mwa dipatimenti ya zankhalango, ndipo kudula kapena kuzula zomera popanda chilolezo ndi mlandu. Ngakhale pakanapanda lamulo, ine sindikanavomera. Tonse tikuona mmene phirili lameteredwa ndi kudula mitengo ndi moto wolusa, pomwe madzi amene timamwa m'tawuni muno amachokera komweko, ku damu la Mulunguzi. Orchid ya kutchire ukaizula siibwerera msanga, komanso siichedwa kufota m'botolo. Mwawononga chinthu cha zaka zambiri chifukwa cha maola anayi.

Chimodzimodzi ku Botanical Gardens. Munda umenewu unayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, ndipo lero uli pansi pa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Pitani mukajambulitse, mutayamba mwagwirizana ndi a ku ofesi yawo, koma operekeza akwati muwauziretu kuti manja akhale m'thumba.

Njira yolondola ndi kugula kwa anthu amene amalima maluwa m'minda yawo, makamaka okhala chakumtunda kumene kuli madzi ndi kuzizira. Ma arum oyera aja, amene ena amawatcha akakombo, amakonda malo onyowa otero. Mukagula kwa mlimi, ndalama yanu yatsala m'Zomba momwemuno.

Ndalama zathu n'zochepa. Maluwa ochepawo tiwaike pati?

Pamene maso a anthu amakhalitsa. Pa madyerero a kwathu kuno alendo amayang'ana kutsogolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza: akwati, keke, ndi malo amene pakuchitikira perekaniperekani. Kongoletsani pamenepo mokwanira, kwinako musiye nsalu zigwire ntchito. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kugawa maluwa ochepa pa matebulo makumi atatu, tebulo lililonse kaduwa kamodzi kosungulumwa m'botolo. Holo yaikulu ngati Great Hall ya ku Chirunga imameza timaluwa totere, simungationenso. Bola miphika iwiri ikuluikulu yodzaza bwino kutsogolo kusiyana ndi timabotolo makumi atatu.

Patebulo la akwati maluwa akhale aafupi, osapitirira chigongono mukachiimika patebulo. Anthu abwera kudzaona nkhope za ana awo, osati kusuzumira m'mbali mwa chitsamba. Pakati pa holo, podutsa ovina ndi mbale ya ndalama, pasakhale chilichonse choimikidwa. Gulu la akuchimuna likadzuka ndi nyimbo yawo silidzaona kuti pali botolo.

Musanyoze zinthu za kwathu. Nsungwi zodulidwa bwino zimasanduka mabotolo okongola, mbiya zazing'ono ndi malichero zimagwirizana kwambiri ndi mpendadzuwa, ndipo masamba a kanjedza amadzaza malo aakulu pa mtengo wochepa. Bougainvillea ndi wokongola pampanda, koma akadulidwa amafota msanga ndi kuyoyoka, ndiye muikeni pomaliza penipeni, kapena yoyolani maluwa ake kuti ana aziwaza panjira ya akwati.

Maluwa a m'manja a mkwatibwi akhale otani?

Olingana ndi thupi lake ndi diresi lake. Mtsikana wamng'ono thupi akanyamula chimtolo chachikulu amabisika, ndipo pofika masana dzanja limakhala litatopa. Diresi likakhala ndi mikanda ndi zokongoletsa zambiri kutsogolo, maluwa akhale ochepa ndi amtundu umodzi kuti asalimbane nalo. Likakhala losalala, pamenepo maluwa akhoza kuyankhula mokweza. Ponyamula, manja akhale cha pamchombo, osati pachifuwa. Akwatibwi ambiri akachita mantha amawakweza mpaka kuchibwano, ndiye ndimapempha wowaperekeza wamkulu kuti aziwanong'oneza.

Minga yonse ya marozi ichotsedwe, ndipo mapesi apukutidwe asanafike pafupi ndi diresi. Koma chenjezo langa lalikulu ndi la ma lily aakulu onunkhira aja. M'kati mwake muli timitu ta ufa wachikasu chofiirira, ndipo ufa umenewu ukagwera pansalu yoyera umakanirira. Timituto timachotsedwa duwa likangotseguka. Tsiku lina, tili pakhomo pa tchalitchi, duwa limodzi limene linatseguka usiku linadetsa diresi la mkwatibwi chapamimba. Ndisanafike, azakhali ake anali atatulutsa kale kampango konyowa. "Azakhali, chonde musapukute!" ndinakuwa ndili chapatali. Anaima dzanja lili m'mwamba. Ndinatenga selotepi m'chikwama, n'kumamata pang'onopang'ono ndi kumatula, ufa wonse unachoka, kunangotsala kachizindikiro kosaoneka pachithunzi. Akanapukuta ndi madzi, banga likanalowerera mu nsalu. Selotepi, mapini ndi sizasi zisasowe m'chikwama cha woperekeza wamkulu.

Kaduwa ka pajekete ya mkwati kamakhala kumanzere, ndipo ndimakonza tiwiri, chifukwa koyambako sikapulumuka pa kukumbatirana kwa abale.

Kodi kutchalitchi tingakongoletse mmene tikufunira?

Ayi, funsani kaye. Mpingo uliwonse uli ndi dongosolo lake, ndipo nthawi zambiri pamakhala amayi amene amasamala za kuguwa sabata ndi sabata. Apatseni ulemu wawo, muwaone msanga, musangotulukira ndi makatoni Loweruka m'mawa. Ku mpingo wa Katolika, m'nyengo ya Lenti guwa silikongoletsedwa ndi maluwa kupatula masiku ochepa oikika, ndipo m'nyengo ya Adiventi amakongoletsa modziletsa, choncho amene ukwati wawo wagwera nyengo zimenezi akambirane ndi abambo mfumu asanagule kanthu. Mipingo ina siilola kukhoma misomali kapena kumata selotepi pa mabenchi, ina siilola kuwaza maluwa pansi. Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri m'boma lino, nawonso ayambe afunsa kwa ashehe za malo a nikaha, maluwa ambiri n'kuwasungira ku madyerero.

Funsaninso ngati tsiku limenelo kuli maukwati ena. Kukakhala kuti akudalitsa maukwati awiri kapena atatu pamwambo umodzi, makomiti akhoza kusonkherana n'kukongoletsa kamodzi ndi maluwa oyera ndi masamba, amene sakondera mtundu wa aliyense. Mudziwenso ngati maluwa a kuguwa mudzaloledwa kuwanyamula kupita nawo ku holo, kapena amatsala kuti atumikire Lamulungu.

Tagula tokha maluwa Lachisanu. Tiwasunge bwanji kuti afike mawa?

Yambani ndi ndowa. Itsukeni ndi sopo mpaka ifike poti mungamweremo, chifukwa chimene chimapha maluwa msanga ndi tizilombo tosaoneka timene timaswana m'madzi akuda n'kutseka njira za madzi m'phesi. Thirani madzi oyera. Pa malita 5 ine ndimaikamo supuni yaing'ono imodzi ya Jik ndi masupuni aakulu awiri a shuga. Shuga ndi chakudya cha duwa, Jik amapha tizilombo tija. Musapyoze muyeso poganiza kuti mukuthandiza, mudzawawotcha.

Phesi lililonse lidulidwe kumunsi mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, n'kulowa m'madzi nthawi yomweyo. Sizasi yobuntha imafinya phesi. Masamba onse amene angamire m'madzi achotsedwe, chifukwa ndi amene amayamba kuola. Ngati mukudula m'munda mwanu, dulani m'mamawa dzuwa lisanatuluke kapena madzulo, ndowa ili pambali panu, osati kuyenda nawo m'manja kuchokera kudimba.

Kenako muwaike m'chipinda chozizira kuposa zonse, chamdima, pa simenti. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: chipinda chozizira cha pakhomo la ukwati chimakhalanso mosungira tomato, nthochi ndi mapapaya a madyerero. Zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umakalambitsa maluwa, moti carnation wogona pafupi ndi mkoko wa nthochi amadzuka atafota. Utsi wa mbaula ndi wa galimoto umachitanso chimodzimodzi. Mufiriji ya pakhomo musaikemo, muli zamasamba, ndipo magetsi akathima usiku mwataya zonse. Anthurium ndi heliconia ndiye safuna n'komwe kuzizira kwa firiji, amada.

Ngati mukugwiritsa ntchito oasis, muyandamitseni pamadzi amire yekha. Mukamukankha ndi dzanja, kunja kumanyowa koma m'kati mumatsala mouma, ndipo duwa limafa ndi ludzu lili pakati pa madzi. Mukamusowa, pindani waya wa khola la nkhuku n'kumulowetsa m'mphika wa madzi. Amagwira mapesi bwinobwino, ndipo mudzamugwiritsanso ntchito ulendo wina.

Rozi likaweramitsa mutu m'mawa, musalitaye. Lidulaninso kumunsi, likulungeni mu nyuzipepala kuti liwongoke, n'kuliimika m'madzi akuya kwa ola limodzi kapena awiri. Ambiri amadzuka.

Tikagula ku Blantyre, tiwanyamule bwanji?

Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 60, wokwanira kupha maluwa ngati ali m'buti ya galimoto masana. Anyamulidwe m'mamawa, m'kati mwa galimoto, ataima m'ndowa ya madzi pang'ono yotsamiritsidwa kuti isagwe, kapena atagona m'katoni mapesi atakulungidwa ndi nsalu yonyowa. Mu minibasi, pakati pa matumba ndi madengu, amafika ataphwanyika. Pa kabaza wa njinga yamoto mphepo imawathothola. Amene madyerero awo ali ku Ku Chawe akumbukire kuti msewu wokwera phiri ndi wokhotakhota: miphika yokonzeratu imagwa m'njira, ndiye ndi bwino kukwera ndi ndowa n'kukakonzera komweko.

Tingaike maluwa enieni pa keke?

Mosamala kwambiri. Maluwa ogula ambiri amapoperedwa mankhwala m'munda, ndipo sanalimidwe kuti akhudze chakudya. Phesi likulungidwe, ndipo pakati pa duwa ndi keke pakhale chotchinga. Ena ndi apoizoni mwachibadwa ndipo asayandikire n'komwe: oleander, amene ali m'mipanda yambiri m'tawuni muno, ndi woopsa kuyambira tsamba mpaka duwa, arum ndi hydrangea nawonso sadyedwa, frangipani ndi poinsettia ali ndi utomoni woyera woyabwa. Nkhadze musamuike pa deko iliyonse, utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala. Kumbukirani kuti keke imagulitsidwa tizidutswa kwa alendo, ana ali pomwepo. Maluwa a shuga opangidwa ndi wophika keke ndiye opanda nkhawa.

Nanga pa chinkhoswe pamafunika maluwa?

Ochepa. Chinkhoswe chili ndi zokongoletsa zake kale: zitenje, mikeka, malichero, mitondo, mbiya, ndi ziwiya zimene ankhoswe amapatsirana. Tambala ndi thadzi zikamasinthana manja, palibe amene amayang'ana marozi. Ine ndimaika mpendadzuwa, udzu wouma wa ngayaye, ngala za mapira ndi masamba m'mbiya, basi. Zikachuluka za ku sitolo, mwambo umaoneka ngati ukwati woyeserera, ndipo tsiku la ukwati weniweni anthu sadzaonanso chachilendo.

Tili ndi malo kuseri kwa nyumba. Tingadzale tokha?

Mungathe, ndipo ndimasangalala ndikamva funso limeneli. Zinnia, cosmos ndi marigold amayamba maluwa patatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono chifesereni. Mpendadzuwa ndi gladiolus amafuna miyezi iwiri ndi theka mpaka itatu. Chinsinsi chake ndi kusafesa tsiku limodzi. Fesani katatu, motalikitsa sabata imodzi kapena ziwiri, kuti ngati oyamba afulumira kapena achedwa, ena akumane ndi tsiku lanu. M'chilimwe muyenera kukhala ndi madzi odalirika ndi mpanda wotchinga nkhuku ndi mbuzi.

Mkwatibwi wina anabwera ndi anganga ake ochokera cha ku Domasi. Gogoyo anali ndi tchire la marozi ofiirira kuseri kwa khitchini, amene anawadzala kalekale, timitu tating'ono koma tonunkhira kuposa rozi lililonse la m'ndege. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, amenewa angalowe nawo, kapena ndi achimidzi?" Ndinawayankha kuti, "Anganga, amenewa ndiye alowa m'manja mwa mdzukulu wanu." Anawadula okha m'mamawa wa Loweruka, nabwera nawo m'chigubu chodula pakamwa, atachiphimba ndi chitenje chonyowa. M'tchalitchi anakhala kutsogolo, ndipo maso awo sanachoke pa manja a mtsikanayo.

Komabe musadalire munda wanu wokha pa maluwa a mkwatibwi. Matalala kapena mbuzi ya aneba zikhoza kumaliza zonse Lachinayi, ndiye mukhale ndi kwina kothawira.

Tingadziteteze bwanji kuti wa deko asatigwiritse fuwa la moto?

Lemberanani. Pepalalo linene mitundu ya maluwa, ati enieni ndi ati a pulasitiki, miphika ingati, nthawi yofika pamalo, amene adzalipire galimoto, ndi duwa limene lidzalowe m'malo ngati lolonjezedwalo lasowa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa maluwa ochokera kutali amatha kulephera kufika popanda kulakwa kwa aliyense. Pemphani zithunzi za ntchito imene munthuyo anagwira ndi manja ake, pamalo amene mungawazindikire, osati zotola pa intaneti, ndipo ngati n'kotheka kaoneni ukwati umodzi umene akukongoletsa. Polipira chikole pa Airtel Money kapena pa Mpamba, sungani uthengawo, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe monga mwagwirizana, osati yonse pachiyambi.

Komiti isankhe munthu mmodzi woyankhula ndi wa deko. Akayankhula asanu, mkwatibwi akufuna zoyera, apongozi akufuna zofiira, atcheya akufuna zotchipa, ntchito imatuluka yosadziwika mutu wake.

Ukwati ukatha, maluwa apite kuti?

Mugwirizane zimenezi tsiku lisanafike, chifukwa nyimbo yomaliza ikangotha alendo amanyamula maluwa pamodzi ndi mabotolo ake, ndipo mabotolowo ndi obwereka, mudzawalipira. Muuzeni woyendetsa mwambo alengeze kuti enieni anthu akhoza kutenga, koma miphika, nsalu ndi a pulasitiki zitsale. Ine ndimabwera ndi nyuzipepala zakale ndi ulusi, n'kumanga timitolo ta amayi a mbali zonse ziwiri ndi ta ankhoswe asanayambe ena kutola. Otsala akhoza kupita kutchalitchi m'mawa mwake, kapena kwa wachibale wodwala amene sanathe kubwera.

Maluwa a m'manja, ngati mkwatibwi akufuna kuwasunga, asawaponye kwa atsikana. Timakonza kamtolo kena kakang'ono koponya. Enieniwo awamasule liboni yonyowa, awamange ndi ulusi, n'kuwakoleka chozondotsa m'chipinda chouma chopanda dzuwa kwa sabata ziwiri kapena zitatu. M'nyengo ya mvula amachita nkhungu asanaume, choncho ndi bwino kuthothola maluwa angapo n'kuwapanikiza pakati pa mapepala m'buku lolemera, n'kumasintha mapepalawo pakapita masiku awiri kapena atatu.